Kugwira Atomu Imene Imatha Musanaphethire

[Pazenera: diso likuphethira pang'onopang'ono]

Taphethirani kamodzi. Mwaphethira? Ngati munafulumira, kanthawi kameneko ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Ndiye pali mtundu wina wa lithium wotchedwa lithium-11. Mutakhala ndi maatomu ake 2,000 pamene chikope chikuyamba kutsika, potsegula diso mungapeze yatsala imodzi yokha, mwinanso mbee, palibe. Theka lake limatha pa mamilisekondi osakwana 9, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Komatu anthu anayeza kulemera kwake. Kukula kwakenso anayeza. Chinthu choti simungachikumbe pansi, simungachisunge m'botolo, simungamutumizire mnzanu, mungachiyeze bwanji? Nkhani yathu lero ndi imeneyo.

[Pazenera: timipira ta mitundu iwiri tounjikana pamodzi]

Pakati pa atomu iliyonse pali kachinthu kolemera kotchedwa nyukiliyasi. M'menemo muli mapulotoni ndi manyutuloni. Chiwerengero cha mapulotoni ndicho dzina la elementi: akakhala 3 ndi lithium, akakhala 50 ndi tin, akakhala 80 ndi mercury. Manyutuloni ndiwo amasinthasintha. Lithium wamba amakhala ndi manyutuloni 3 kapena 4, pamene lithium-11 ali ndi 8. Abale a bere limodzi oterewa, ofanana dzina koma osiyana kulemera, ndiwo maisotopu.

Maisotopu okhazikika, amene sasweka, alipo pafupifupi 250 basi. Amene anthu anawaonapo apitirira 3,000. Ena onsewo ndi osakhazikika: amatulutsa radiyeshoni n'kusanduka chinthu china. Nthawi imene imadutsa kuti theka lawo lithe asayansi amaitcha half-life. Ena amatenga zaka mabiliyoni, amenewo satipatsa vuto. Athu a lero ndi a mphindi, a masekondi ndi a mamilisekondi. Amenewa ukawafuna uyenera kuwapanga wekha, ndipo choyezera chikhale chili chire pomwepo.

[Pazenera: chithunzi chakale cha mzinda wa Copenhagen]

Nzeru imeneyi inayambira ku Copenhagen mu 1951, pa sukulu ya kafukufuku ya Niels Bohr. Otto Kofoed-Hansen ndi Karl Ove Nielsen ankafuna maisotopu a krypton osakhalitsa, amene amabadwa uranium akasweka. Krypton ndi mpweya, choncho anafunika kanthu komukankha kuti atuluke msanga. Anatani? Anasakaniza uranium wawoyo ndi baking powder. Eya, mwamva bwino. Mpweya wochokera mu ufawo unkakokolola krypton kudzera mu paipi mpaka ku makina olekanitsira. Chatsopano chinali chakuti kupanga ndi kulekanitsa zinkachitika nthawi imodzi, mosalekeza, popanda munthu wothamanga ndi botolo kuchoka chipinda china kupita china. Njirayi lero imadziwika ndi dzina lachidule loti ISOL.

Kumene inakhwimira ndi ku CERN, malo aakulu a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, pamalire a Switzerland ndi France. Anthu ambiri akamva za CERN amangoganiza za chimakina chozungulira cha makilomita 27 chija. Koma pambali pake pali ISOLDE, malo amene anayamba kugwira ntchito mu Okutobala 1967, ndipo mpaka pano atulutsa maisotopu oposa 1,000 a maelementi oposa 70. Tiyeni tilondole atomu imodzi paulendo wake wonse kumeneko.

[Pazenera: kachubu kachitsulo kofiira ndi kutentha]

Ulendo umayambira pa chandamale. Ndi kachubu ka tantalum kotalika pafupifupi masentimita 20, ndipo kawirikawiri mkati mwake amaikamo uranium carbide. Mapulotoni amabwera kuchokera ku makina otchedwa Proton Synchrotron Booster, ali ndi mphamvu ya 1.4 GeV, kutanthauza liwiro loposa 90 peresenti ya liwiro la kuwala. Pulotoni ikagunda nyukiliyasi ya uranium, zimatengera mmene yagundira. Mwina ingoibenthula tizidutswa, mwina iichotse chibenthu chachikulu, mwinanso iing'ambe pakati. Palibe amene amasankha. Zimene zimatuluka ndi chisokonezo cha mitundu mazanamazana, ndipo imene mukuifunayo ikhoza kukhala imodzi mwa mamiliyoni.

Apa m'pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa mutu wa nkhani wagona pamenepa. Atomu yathu yabadwa, wotchi yake yayamba kuwerenga, koma yabadwira mkati mwa chinthu cholimba. Iyenera kudzipanikiza pakati pa maatomu ena mpaka ifike kunja kwa kambewu kamene yabadwiramo. Ikatuluka, iyambe kuuluka mwachisawawa m'kachubumo, kugunda khoma ili, kukakamirapo pang'ono, kunyamuka, kugunda khoma linalo, kambirimbiri, mpaka mwamwayi ipeze kabowo kotulukira. Palibe choiwongolera, chifukwa pa nthawiyi ilibe chaji ya magetsi, ndiye magetsi ndi maginito saigwira.

Chimene anthu angachite n'kusonkhezera moto basi. Chandamale chimatenthetsedwa mpaka madigiri pafupifupi 2,000, kuti maatomu azithamanga ndiponso asamakakamire nthawi yaitali pakhoma. N'chifukwa chakenso uranium carbide amamupanga wa timibowomibowo ngati siponji, kuti njira yotulukira ifupike. Kuona kwanga, akatswiri opanga zandamale ndiwo satamandidwa mokwanira pa ntchito yonseyi. Zithunzi zokongola zimakhala za maginito ndi zoyezera, koma maatomu ambiri osakhalitsa amafera m'kachubu kameneka asanaone n'komwe khomo.

[Pazenera: galimoto yaing'ono ndi lole zikukhota pakona imodzi]

Imene yapulumuka imalowa m'kachipinda komwe amaichotsa elekitironi imodzi, kamodzi mwa tinthu topepuka tozungulira nyukiliyasi. Tsopano ili ndi chaji, yasanduka ayoni, ndipo magetsi akhoza kuikoka. Mavoti 30,000 mpaka 60,000 amaikankha kulowa mu paipi yopanda mpweya, ndipo kuyambira pamenepa liwiro si vuto ayi. Imafika pa maginito aakulu amene amakhotetsa njira yake. Taganizani za galimoto yaing'ono ndi lole yodzaza katundu pakona imodzi: yaing'ono imakhota mothina, lole imatenga malo. Maayoni opepuka amakhota kwambiri, olemera amakhota pang'ono. Kutsogolo kuli kampata kopapatiza, ndipo okhawo a kulemera kumene mwasankha ndi amene amadutsa. ISOLDE ili ndi zolekanitsira ziwiri zoterezi.

Zikanathera pomwepa bwenzi zili bwino. Koma maginito amangodziwa kulemera, dzina sadziwa. Tinene kuti mukufuna tin-132, wa mapulotoni 50 ndi manyutuloni 82. Caesium-132 ali ndi mapulotoni 55 ndi manyutuloni 77. Phatikizani: onse ndi 132. Kwa maginito awiriwa ndi mapasa. Choipa n'chakuti caesium sachedwa kutaya elekitironi yake, kungokhudza chitsulo chotentha basi wasanduka kale ayoni, ndiye amalowerera asanaitanidwe.

Mankhwala ake ndi laser. Elementi iliyonse ili ndi makwerero akeake a mphamvu amene elekitironi imakwera isanachoke. Mukawalitsa kuwala kwa mitundu iwiri kapena itatu yogwirizana ndendende ndi makwerero a tin, elekitironi ya tin imakwera, kukweranso, kenako n'kuchoka, pamene maelementi ena kuwalako kumangowadutsa. Ndiye laser imasankha dzina, maginito amasankha kulemera, ndipo zikaphatikizana mwapeza isotopu imodzi. Musaganize kuti caesium uja wagonja. Iye salira laser, ndipo kumuthamangitsa ndi nkhondo ina payokha.

[Pazenera: mapaipi ambiri ogawikana m'holo yaikulu]

Nanga ikafika kwa oyeza, amaitani? Ena amangoiika pa tepi n'kudikira kuti isweke, akuwerenga zimene ikutulutsa. Ena amaitsekera mu msampha wa maginito ndi magetsi wotchedwa Penning trap, monga ISOLTRAP. M'menemo ayoni imazungulira, ndipo liwiro la kuzungulirako limaulula kulemera kwake. Enanso amaiwalitsa ndi laser kuti adziwe kukula ndi maonekedwe a nyukiliyasi.

Zimene zinatuluka pa njira yomalizayi ine zimandidabwitsabe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ku ISOLDE komweko, anayeza maisotopu a mercury mmodzimmodzi, akuchotsa nyutuloni imodzi ulendo uliwonse. Kukula kunkachepa bwinobwino monga aliyense ankayembekezera. Atafika pa mercury-185, nyukiliyasi inapezeka yatalika ngati mpira wa rugby. Pa 184 yabwerera pafupi ndi kubulungira. Pa 183 yatalikanso, 182 yabwerera, 181 yatalikanso. Nyutuloni imodzi yokha, mwa tinthu toposa 180, kusintha thupi lonse!

Palinso manambala amene mabuku amati ndi amatsenga: 2, 8, 20, 28, 50, 82 ndi 126. Nyukiliyasi ikakhala ndi mapulotoni kapena manyutuloni okwana nambala yotereyi imakhala yolimba ndi yobulungira. Lamuloli linachokera pa maisotopu okhazikika. Atayeza sodium-31 ndi magnesium-32, onse a manyutuloni 20, matsengawo sanaoneke. Mu 2013 ISOLDE inasonyezanso kuti radium-224 ndi wooneka ngati peyala, mbali ina yonenepa, ina yowonda. Chaka chomwecho anafalitsa muyeso woyamba wa mphamvu yochotsera elekitironi pa astatine, elementi yosowa kwambiri moti half-life ya isotopu yake yokhalitsa ndi maola 8 okha.

Wina afunsa kuti phindu lake n'chiyani. Golide ndi platinum anapangidwa kudzera m'manyukiliyasi osakhalitsa omwewa, pamalo pamene manyutuloni amachuluka koopsa, monga pa kugundana kwa nyenyezi ziwiri za manyutuloni kumene kunaoneka pa 17 Ogasiti 2017. Kuti muwerengere bwino zochitika kumeneko mufunika kulemera ndi half-life ya manyukiliyasi amene ambiri sanapangidwepo padziko pano. Kuchipatalanso zimafika. Mapulotoni ambiri amadutsa chandamale osagunda kanthu, ndiye kuyambira 2017 CERN inayamba kuika chandamale chachiwiri kuseri kwa choyamba, pa ntchito yotchedwa MEDICIS, kuti ipange maisotopu monga a terbium ofufuzira njira zounikira ndi kuchizira khansa.

[Pazenera: loboti ikunyamula chandamale chogwiritsidwa kale ntchito]

Njirayi ili ndi malire ake. Chandamale chikatha ntchito chimakhala ndi radiyeshoni yochuluka moti amachinyamula ndi maloboti. Maelementi ena, monga tungsten ndi zirconium, sauluka ngakhale pa madigiri 2,000, amangokakamira pakhoma. Ndipo chilichonse chimene half-life yake ili pansi pa mamilisekondi ochepa sichituluka chamoyo.

N'chifukwa chake pali njira yachiwiri yotembenuza zonse. M'malo moponya pulotoni pa chinthu cholemera, amaponya nyukiliyasi yolemerayo pa chandamale chopyapyala. Zibenthu zimapitirira ndi liwiro lomwelo, n'kulekanitsidwa zili mkati mouluka, pa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Ndi zimene amachita m'malo a kafukufuku monga ku GSI ku Darmstadt ku Germany, ku RIKEN ku Japan, ndi ku FRIB ku Michigan, kumene anatsegula mu 2022. Kumeneko za kukakamira pakhoma kulibe. Koma zibenthuzo zimafika zili pa liwiro lalikulu ndiponso zomwazikana, ndiye wofuna kuzitsekera mu msampha ayenera kuyamba waziimitsa.

Lithium-11 wathu uja anadutsa njira zonse ziwiri. Mu 1985, ku Berkeley, Isao Tanihata ndi anzake anamupanga mwa njira youlukayi n'kupeza kuti ndi wamkulu mosayenera. Manyutuloni ake awiri amayendayenda kutali ndi anzawo, moti dera limene amafikako likufanana ndi nyukiliyasi ya lead-208, yolemera kuwirikiza pafupifupi 19. Kenako mu 2008 gulu la ku TRIUMF, malo a kafukufuku a ku Vancouver ku Canada, linafalitsa kulemera kwake. Anamupanga mwa njira ya ISOL, anatuluka m'chandamale chotentha, anadutsa pa maginito, analowa mu Penning trap yotchedwa TITAN, n'kuzungulira m'menemo mokwanira kuti ayezedwe, half-life yake ili mamilisekondi osakwana 9 omwe aja.