Ignominy si ignorance, abale anga

Khalani pansi tiyambe. Mwamva kale za sabata yatha ija. Mnyamata wina analembera bwana wake kalata yopepesa m'Chingerezi, kufuna kunena kuti lamulo lina sankalidziwa. M'malo molemba ignorance, analemba ignominy. Bwanayo anadzidzimuka, n'kumuitanitsa kuti aulule chonyazitsa chimene wachita. Mwanayo sanabe kanthu, anangosokoneza mawu.

Ndiye mvetsani: ignominy si ignorance. Ignorance ndi kusadziwa. Ignominy ndi chitonzo, kunyazitsidwa pamaso pa anthu mpaka dzina lako kuipa. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ignominia. Mbali yoyamba ndi in, kutanthauza kupanda, ndipo inayo ndi nomen, dzina. Ku Roma wakale kunali akuluakulu owerenga anthu otchedwa censor. Akapeza kuti wina wachita zosayenera, ankaika chizindikiro pafupi ndi dzina lake m'kaundula, ndipo ena ankachotsedwa m'bwalo la akuluakulu a boma lotchedwa Senate. Ndende panalibe, chikwapu panalibe. Chilango chachikulu chinali pa dzina.

Inu achinyamata kumbuyoko, mafoni m'thumba. Ndinu nomwe mumatola mawu akuluakulu pa Facebook n'kumawaponya paliponse kuti muoneke ophunzira. Ignominy si ignorance!

Eya mayi, funsani. Mukuti kodi si manyazi wamba? Ayi mayi, pali kusiyana. Manyazi mukhoza kuchita muli nokha m'chipinda, mtima ukukutsutsani, popanda wodziwa. Amenewo Angerezi amati shame. Koma ignominy imafuna mboni, anthu aone, akambe. Mukukumbuka mu 2014, Brazil itachinyidwa zigoli 7 kwa 1 ndi Germany pakwawo penipeni, ku Belo Horizonte, dziko lonse likuonera? Kugonja kotero ndiye amati ignominious defeat. Kapena Richard Nixon, pulezidenti wa America, amene anatula pansi udindo mu 1974 chifukwa cha nkhani ya Watergate, pamene anthu a mbali yake anathyola ofesi ya chipani chotsutsa, iye n'kuyesa kubisa mlanduwo. Mukuona kulemera kwake? Ndiye mwana wanu akangolephera mayeso kamodzi, mawu amenewa musamusenzetse, amulemera.

Ndaona ena ayamba kuyasamula, ndifulumire. Potchula, tsindikani koyambirira: IG, kenako nomini. Chinthucho ndi ignominy, pofotokoza chinthu china mumati ignominious. Ndi mawu a m'mabuku ndi m'nyuzipepala, pocheza ingonenani disgrace. Ngati mukukayika, tsegulani dikishonale kalata isanapite kwa bwana. Ignominy ndi chiyani? Chitonzo, eya. Nanga ignorance?