Sukulu Yakhoza 100 Peresenti? Musavine Kaye, Funsani Izi

[Kamera ili panja pa kalasi, pansi pa mtengo wa nimu]

Moni abale anga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Moni a ku Nchalo, a ku Ngabu, a ku Bangula, ndi inu a kutsidya kwa Shire, ku Muona ndi ku Makhanga, amene netiweki imakuvutani koma mumalimbikira kuonera. Lero tikamba za pulani yotukulira sukulu, ija aphunzitsi amangoti SIP. Ngati mwana wanu ali pa pulayimale imene zotsatira zake zimakugwetsani ulesi chaka ndi chaka, musachoke. Pakati pa vidiyoyi ndiphwanya bodza limodzi limene latisocheretsa tonse m'chigwa muno.

Zoyambira tidutsepo msanga. Sukulu ya boma ya pulayimale imayenera kukhala ndi pulani yonena mavuto ake ndi zimene ichite. Olemba ake ndi a hedi, aphunzitsi, a komiti ya sukulu, a bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), amayi a Mother Group ndi mafumu, ana nawonso amafunsidwa maganizo. Boma limatumiza kandalama kothandizira pulaniyo, kotchedwa SIG. A PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale amene ofesi yawo ili ku TDC, likulu la aphunzitsi la m'zoni, amayendera masukulu a m'zoni yawo, ndipo malipoti amapita ku ofesi ya maphunziro ku boma. Pamapepala zimathera pomwepo. Funso langa ndi lakuti: inu kholo, mumadziwa bwanji kuti zolembedwazo zikuchitika?

Choyamba, lioneni pepalalo ndi maso anu. Pitani kwa a hedi mwaulemu: "A hedi, tabwera tione nawo pulani ya chaka chino." Si chinsinsi. Lipachikidwe pakhoma pomwe aliyense angawerenge.

Chachiwiri, ndalama. Lisiti lokha musakhutire nalo. Lisiti likati madesiki 20, lowani m'kalasi muwerenge madesikiwo ndi chala. Likati zitseko za zimbudzi za atsikana, pitani kuseri mukakankhe chitsekocho. SIG ndi yochepa, ndipo nthawi zina imafika mochedwa, choncho mufunsenso tsiku limene inalowa ku akaunti. Musafulumire kutchula munthu kuti wakuba pamene ndalamayo sinafike n'komwe.

Ndisanapitirire, dinani kabatani ka subscribe kali m'munsiko. N'kaulere, ndipo kamathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa makolo ena.

[Kamera iyandikire]

Tsopano bodza lija. Bodza lake ndi ili: "Sukulu yabwino imadziwika ndi peresenti ya ana okhoza mayeso a Sitandade 8." MANEB ikangotulutsa zotsatira za PSLCE, mumamva pamsika, pa chigayo, pa siteji ya kabaza: "Sukulu yakuti yakhoza 100 peresenti, koma yathu ino yatichititsa manyazi." Amayi amaimba nthungululu, kwinako a hedi amalozedwa chala. Ndiye pa msonkhano wounika pulani, nambala imodzi yomweyo ndi imene imawerengedwa, anthu n'kuwomba m'manja kapena kung'ung'udza, msonkhano watha.

Abale, peresenti imeneyi imawerengedwa pa ana amene analowa m'chipinda cha mayeso basi. Mwana amene sanafike pakhomopo mulibemo.

Tiyerekeze masukulu awiri, manambalawa ndi ongoyerekeza. Onse analemba ana 200 mu Sitandade 1. Patapita zaka 8, sukulu yoyamba yalembetsa mayeso ana 30, ndipo onse 30 akhoza. 100 peresenti. Sukulu yachiwiri yalembetsa ana 80, akhoza 56. 70 peresenti. Tandiuzani, ndi iti imene yatumikira mudzi wake? Yoyamba yatulutsa ana 30 okhala ndi satifiketi. Yachiwiri yatulutsa 56. Koma yotamandidwa ndi yoyamba ija, ndipo a hedi a yachiwiri ndi amene akufunsidwa kuti afotokoze chimene chalakwika. Nanga ana 170 aja a sukulu yoyamba ali kuti? Ena akuweta ng'ombe ndi mbuzi, ena ali pa ganyu m'minda ya nzimbe ndi ya thonje, ena ali ndi bwato pa Shire, ena anakwatiwa asanafike zaka 18 zimene malamulo a dziko lino amanena. Lipoti lija silinawatchule ngakhale mzere umodzi.

Pali chinanso chimene chimandiwawa kwambiri. Sukulu ikapanikizidwa kuti ikweze peresenti zivute zitani, njira yachidule imakhalapo: kubweza ana ofooka mu Sitandade 7 kuti asakaipitse zotsatira. Zimenezi ndinazionera pafupi. Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wodekha, ankawerenga mochedwa koma masamu ankawagwira. Anauzidwa kuti abwereze Sitandade 7. Anabwereza. Chaka chotsatira anauzidwanso chimodzimodzi. Ndikukumbukira tsiku limene anabwera kunyumba, n'kupinda yunifolomu yake bwinobwino, n'kuiika pansi pa mphasa, osalankhula kanthu. Mayi ake atamufunsa anangoti, "Amayi, anzanga onse apita, ine ndikhale ndi tiana?" Sanabwererenso. Chaka chimenecho sukuluyo inayamikiridwa chifukwa cha zotsatira zabwino. Dzina la sukulu sinditchula, chifukwa aphunzitsi aja nawonso anali pa mpanipani wochokera kwa ife tomwe, makolo amene timangofunsa peresenti.

Ndiye tembenuzani mbali inayo. M'chigwa muno madzi amatisokoneza kuposa madera ambiri. Madzi osefukira a Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, namondwe wa Ana mu Januwale 2022, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Makalasi anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabuku ananyowa n'kumatirira matope, ana ena anasamukira kumtunda ndi makolo awo. Sukulu imene inakwanitsa kusonkhanitsanso ana ake madzi ataphwa, n'kuwalembetsa mayeso onse ngakhale anataya masabata ambiri, peresenti yake ikhoza kutsika. Kodi imeneyo ndi sukulu yolephera? Ine ndikuti ayi. Mukaiyerekeza ndi ya ku Blantyre kumtunda pogwiritsa ntchito nambala imodzi yokha, mwailakwira.

Sindikunena kuti mayeso alibe ntchito. Mwana amafuna satifiketi, amafuna kusankhidwa kupita ku sekondale. Koma mukamva peresenti, funsani pomwepo: analemba angati? Atsikana anali angati? Mu Sitandade 7 chaka chatha munali angati, ndipo otsalawo ali kuti? Mafunso atatu amenewa alembeni pa pepala. Ndipo amene muli pa gulu la WhatsApp la makolo kapena la mpingo, tumizaniko vidiyoyi lero lomwe.

Tibwerere ku masitepe athu. Chachitatu, kaundula wa m'kalasi. Bukhu limeneli ndi limene limanena zoona kuposa malipoti onse. Pemphani kuti a komiti aziliona mwezi uliwonse, osadikira kutha kwa chaka. Mudzaona nokha kuti ana amachepa liti: nthawi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale pamene mabanja ena amakafuna nyika kudambo, nthawi yobzala kudimba madzi akaphwa, nthawi yotola thonje, masiku a msika, ndi sabata imene phala lasowa. Pulani yabwino imayankha miyezi imeneyo. Amayi a Mother Group akadziwa kuti mwana wajomba sabata yathunthu, amafika pakhomo pake asanazolowere kukhala kunyumba. Ndipo mtsikana amene anasiya chifukwa cha mimba ali ndi ufulu wobwerera akabereka, ndondomeko imeneyi boma linaikhazikitsa kalekale mu 1993. Lipoti linene kuti abwerera angati. Musaiwale kaundula wa aphunzitsi, nawonso amasaina akafika.

Chachinayi, mwana awerenge. Tengani bukhu la Chichewa la Sitandade 2, mupatse mwana wa Sitandade 4 kunyumba kwanu, mukhale naye pamphasa mumvetsere. Akamakakamira pa liwu lililonse, vuto la Sitandade 8 layambira pamenepo. Kumbukiraninso kuti ana ambiri kuno amafika kusukulu akulankhula Chisena kapena Chimang'anja, ndiye zaka zoyambirira zimafuna mphunzitsi woleza mtima ndi kalasi yosadzaza mopitirira. Funsani kuti Sitandade 1 ili ndi ana angati pa mphunzitsi mmodzi. Pulani imene ikungokamba za makalasi owonjezera a Sitandade 8 n'kuiwala tiana ta pansi pa mtengo, ibwezeni akailembenso.

Chachisanu, lipoti lenilenilo. Kwa a hedi amene mukuonera, ndikupempheni ndi ulemu wonse: lembani zimene sizinatheke, ndi chifukwa chake. Lipoti lonena kuti zonse zili bwino silibweretsa mphunzitsi wowonjezera, silibweretsa tenti madzi akasefukira. A PEA angakumenyereni nkhondo ku boma pokhapokha atanyamula zoona. Ndipo lipoti lomwe lapita kumtunda liwerengedwenso kwa makolo, m'chinenero chimene agogo akumva, kamodzi pa teremu, a nyakwawa ali pompo. Ntchito iliyonse yotsala ikhale ndi dzina la woichita ndi tsiku lomalizira, ndipo msonkhano usabalalike musanagwirizane tsiku la msonkhano wotsatira.

Sabata yamawa ndibwera ndi bukhu la kaundula m'manja, tidzatsegule tsamba ndi tsamba kuti muone mmene mungawerengere ana ojomba pa mwezi, ngakhale sukulu munalekezera Sitandade 5. Dinani kabelu kuti isakupiteni. Amene muli m'komiti ya sukulu ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndilembereni m'munsimu kuti kwanuko Sitandade 7 ya chaka chatha inali ndi ana angati, ndipo alembetsa mayeso chaka chino ndi angati. Dzina la sukulu musalembe, manambala okha. Tionana.