Khoti likagwira katundu wanu ali panjira, wolipira ndani?

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo a ku misika ya Kamwala ndi COMESA muno mu Lusaka amene mwatseka mashopu kuti mukhale pano. Funso lomwe mwandipatsa ndi ili, katundu wanyamuka ku Guangzhou, wafika pa doko la Dar es Salaam kapena ali pa lole wadutsa kale pa Nakonde, kenako mukungomva kuti ma bailiff abwera ndi pepala la khoti atenga kontena yonse, kodi kampani yonyamula ikubwezereni ndalama?

Yankho lake ndi lowawa koma limveni. Nthawi zambiri ayi. Malamulo a katundu wa pa sitima za m'madzi otchedwa Hague Rules, omwe anasainidwa ku Brussels mu 1924, ali ndi mndandanda wa zinthu zomwe wonyamula sangaimbidwe nazo mlandu, ndipo kugwidwa kwa katundu molamulidwa ndi khoti kuli momwemo pa Article 4. Chifukwa chake nchosavuta, dalaivala kapena kapitawo wa sitima sangakanize khoti, akakana amangidwa ndi iyeyo. Ma kontrakiti a malole nawonso ambiri ali ndi mawu ngati omwewa, tembenuzani pepala lanu muwerenge timalemba tating'ono takumbuyo tija.

Manje apa ndi pomwe ndikufuna mutchere khutu, chifukwa makampani ena amangoti "ndi khoti, ife tilibe nazo" ngati nkhani yathera pomwepo, pomwe sinathe. Funsani kaye, ngongole yomwe yabweretsa ma bailiff ndi ya ndani? Ngati ndi yanu, kapena mukukanganirana katunduyo ndi amene anakugulitsani, wonyamula wapulumuka. Koma ngati lole kapena sitima yagwidwa chifukwa kampaniyo payokha sinalipire mafuta, sinalipire antchito, sinalipire banki, ndiye katundu wanu wakodwera mu mavuto awo, sangabisale kumbuyo kwa pepala la khoti ayi, vuto aliyambitsa okha. Chimodzimodzi ngati anapereka katundu kwa anthu omwe analibe oda yeniyeni ya khoti, kapena anangokhala chete osakuuzani msanga mpaka katundu wagulitsidwa pa okushoni inu mukudikira ku Soweto. Kukudziwitsani ndi udindo wawo, ndipo ine zimandipweteka kuona mayi amene anatenga ndalama za chilimba akumva nkhaniyi kwa anthu a pa boda.

Chomwe chimatipha ife amalonda ang'onoang'ono ndi kontena yosonkherana. Anthu khumi mwaikamo katundu koma pa bill of lading, pepala lomwe wonyamula amapereka akalandira katundu, pali dzina limodzi chabe la ejenti. Ejentiyo akakhala ndi ngongole, ma bailiff amaona dzina lake ndipo amatenga zonse. Njira ilipo, imatchedwa interpleader, mumalembera ofesi ya Sheriff, mkulu wa ma bailiff, kuti mwa katundu mwagwirayo mabelo awa ndi anga si a munthu wa ngongoleyo, amene akufuna ndalama zakeyo akatsutsa nkhani imapita kwa woweruza kuti agamule mwini wake ndani. Koma woweruza safuna misozi, amafuna invoyisi, risiti ya ndalama zomwe munatumiza, mndandanda wa katundu wokhala ndi dzina lanu, ngakhale mameseji a pa WhatsApp musafufute. Ndipo muthamange, katundu akagulitsidwa kumubweza nkovuta kwambiri, komanso kontena ikakhalitsa ndalama za demurrage, zolipira chifukwa chochedwetsa kontena, ndi zosungira zimangokwera tsiku ndi tsiku. Amene mulibe ndalama ya loya pitani ku Legal Aid Board mukafunse.

Musasokoneze ndi ZRA, bungwe lotolera misonkho. A msonkho a pa boda akagwira katundu chifukwa cha msonkho kapena kulemba mtengo wabodza imeneyo ndi nkhani ina, ili ndi njira yake yodandaulira.

Abambo awo afunsa za inshuwalansi. Inshuwalansi wamba ya katundu, ngakhale ija amati imaphimba zonse ya Institute Cargo Clauses A, imachotsamo kugwidwa ndi kutsekeredwa kwa katundu, choncho mufunse musanalipire. Za nthawi nazo, pansi pa Hague Rules muli ndi chaka chimodzi chokha chosumira wonyamula, pomwe malamulo ena otchedwa Hamburg Rules a 1978 amapereka zaka ziwiri, ndiye loya wanu ayambe waona kuti pepala lanu likutsatira ati. Amayi kumbuyoko mwakweza dzanja, apatseni maikolofoni.