Makalata a omvera: dokotala akamabwerera kumudzi

Moni omvera nonse. Sabata yatha tinafunsa kuti dokotala wathu amene wagwira ntchito kunja, akaganiza zobwerera, ayambire pati. Mwatiyankha ambiri, ndipo lero ndiwerenga makalata atatu.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Lilongwe. Akuti:

"Bambo muulutsi, chimene chimachedwetsa anthu kwambiri ndi mapepala. Munthu sangaone wodwala m'dziko muno asanalembetse ku Medical Council of Malawi, ngakhale atakhala katswiri wa opaleshoni ku London. Bungweli limafuna masatifiketi a maphunziro, komanso kalata yochokera ku bungwe la madokotala la dziko limene munthuyo ankagwirako, yotsimikiza kuti alibe mlandu pantchito. Ku Britain kalatayi imachokera ku General Medical Council (GMC), ku South Africa ku bungwe la ogwira ntchito zachipatala la HPCSA. Vuto lake, kalata imeneyi sikhalitsa. Kawirikawiri ikapitirira miyezi itatu amati yatha mphamvu. Ambiri amaitenga msanga, kenako n'kutanganidwa ndi kulongedza katundu ndi kusamutsa ana kusukulu, pofika kuno kalata yafa kale. Muziitenga kumapeto. Amene anaphunzira ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ndi mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), afunse asananyamuke ngati dzina lawo likadali bwino m'kaundula, poti chilolezo chimawonjezeredwa chaka ndi chaka. Amene digiri anaitenga kunja akonzekere kuti angauzidwe kuyamba agwira moyang'aniridwa pachipatala chachikulu monga Queens kapena Kamuzu Central."

Zikomo mayi, mwalongosola bwino. Ndiwonjezerepo chimodzi kwa amene muli ku Britain: musathamangire kufufutitsa dzina ku GMC. Mukhoza kubweza laisensi yogwirira ntchito koma dzina n'kukhalabe m'kaundula, ndipo malipiro ake ndi ocheperako. Mukadzafuna kukagwirako miyezi ingapo, njira imakhala isanatsekeke.

Yachiwiri yalembedwa ndi bambo wokonza makina a m'chipatala ku Blantyre:

"Achimwene, madokotala obwerera amakonda kudzaza kontena ndi makina, ndipo mtima wake ndi wabwino. Koma aonetsetse magetsi. Kuno ndi mavolti 230, mapulagi ake ofanana ndi a ku Britain. Makina a ku America ndi a mavolti 120, ukangowalumikiza popanda thiransifoma apsa pomwepo. Chinanso, magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu amaotcha bodi ya mkati, choncho makina aliwonse odula abwere ndi choteteza chake. Makina opanga okosijeni amafa ndi fumbi: sefa yake yakunja imafunika kutsukidwa sabata iliyonse, ndipo ndi bwino kubweretsa masefa apadera okwana chaka. Makina oyezera magazi ndiye osamala nawo kwambiri, chifukwa ambiri amangolola mankhwala a kampani imene inawapanga. Ngati kampaniyo ilibe wogulitsa kuno kapena ku Johannesburg, mankhwala akatha makinawo asanduka tebulo. Buku la kakonzedwe lisatsale."

Bambo, mawu amenewa ndi a munthu amene waona makina ambiri ataunjikidwa m'stolo. Pa nkhani ya mankhwala, osangowaika m'sutikesi: chilolezo chimachokera ku bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo amene atsala pang'ono kutha ntchito musawanyamule n'komwe. Za msonkho funsani a MRA kontena isanakwere sitima, osati itafika kale pa Mwanza kapena pa Dedza, chifukwa tsiku lililonse imene yaima pamafunika ndalama.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa a clinical officer m'boma la Mangochi:

"A dokotala akafika awerenge kaye buku la Malawi Standard Treatment Guidelines. Mwana wotentha thupi kuno timayamba kumuyeza malungo. Akapezeka nawo timam'patsa mankhwala a LA, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kuchuluka kwake malinga ndi sikelo yake. Malungowo akakhala aakulu, mwana akukomoka kapena akulephera kumwa, ndi jakisoni wa artesunate. Munthu amene wakhala zaka khumi ku Manchester zimenezi zimam'choka m'manja. M'zipatala za m'maboma kawirikawiri mulibe makina ojambulira m'thupi a CT scan, nthawi zina ndi magazi omwe amasowa. Ndipo asadabwe kuona clinical officer akuchita siza, ndi mmene amayi ambiri akupulumukira m'maboma."

Mwanena zoona bambo, ndipo ine ndikuona kuti kalata yanu ndi yofunika kuposa zinazo. Dokotala wobwerera ayambe ndi kuyenda m'wodi limodzi ndi inu ndi anamwino kwa masabata angapo asanayambe kusintha zinthu, aone kuti mankhwala ati alipodi m'famase, ndiponso kuti ambulansi yopita ku Zomba Central imatenga nthawi yaitali bwanji. Inunso mum'landire, poti luso limene wabwera nalo mukulifuna.

Sabata yamawa tiwerenga makalata okhudza malipiro ndi kupeza malo a ntchito m'boma, m'zipatala za mishoni za CHAM ndi m'zipatala zolipira. Pitirizani kutilembera.