Mtima wa mwana yemwe ankayenera kukhala mfumu ya France

Muli bwanji nonse amene mukuonera, tayang'anitsitsani chithunzi ichi kaye. Kabotolo kagalasi aka kali mu tchalitchi cha Saint-Denis pafupi ndi Paris komwe ankaika mafumu a France, ndipo kanthu kouma mukukaona mkatimo ndi mtima wa mwana wa zaka 10.

Mwanayu dzina lake Louis-Charles, anabadwira ku Versailles mu 1785, bambo ake mfumu Louis XVI, mayi ake Marie Antoinette. Zinthu zitavuta anthu ataukira ufumu, banja lonse analitsekera mu ndende ya Temple mu 1792, bambo anawadula mutu pa 21 Januwale 1793, ndiye okonda ufumu anayamba kumutcha Louis XVII koma mwana ali mu selo. Mu Julaye anamulanda mmanja mwa mayi ake nkumupereka kwa munthu wosoka nsapato, Antoine Simon, mayiwo anawapha mu Okutobala. Kenako anamutsekera yekhayekha mchipinda chamdima miyezi ndithu, osasamba, nsabwe thupi lonse, chakudya akungomuponyera pa kabowo. Abale, apa ine zimandiwawa, mwana ameneyu analakwa chani? Anamwalira pa 8 Juni 1795 ndi TB.

Nde mvetserani apa. Dokotala amene anang'amba thupi, Philippe-Jean Pelletan, anachotsa mtima mwakabisira nkuukulunga pa kansalu, kunyumba anakauviika mu mowa waukali kuti usaole. Thupi analikwirira opanda chizindikiro chilichonse, basi mphekesera inabuka yoti mwana weniweni anamuthawitsa, wafayo ndi wina.

Anthu ambirimbiri anatulukira aliyense akuti ndine ndine, koma amene anavutitsa kwambiri ndi Karl Wilhelm Naundorff, wokonza mawotchi wochokera ku Prussia, ufumu wakale wa chi-German. Anafika ku Paris mu 1833 Chifalansa chake chili chothyokathyoka koma mayi amene ankalera kalongayo ali wamng'ono, Madame de Rambaud, atacheza naye anavomera kuti ndi yemweyu. Mchemwali wake wa kalonga, Marie-Thérèse, yemwe anatuluka wamoyo mu ndende ija, anakana kuonana naye mpaka kalekale. Boma linamuthamangitsira ku England mu 1836, anakafera ku Delft ku Netherlands mu 1845, ndipo pamanda pake analembapo kuti Louis XVII, mpaka lero mawuwo alipo.

Ufumu wa France unkayenda kuchimuna kokhakokha, mwana wamkazi samalowa, koma umboni unachokera kuchikazi. Pali DNA ina imene munthu amatengera kwa mayi okha, ndiye mu 2000 akatswiri a ku Leuven ku Belgium ndi Münster ku Germany anadula kachidutswa ka mtima uja nkufananitsa ndi tsitsi la Marie Antoinette komanso DNA ya abale ake akuchikazi, zinagwirizana. Fupa la Naundorff anali ataliyeza kale, silinagwirizane.

Mkangano wa mpandowu sunathe, lero kuli Louis Alphonse de Bourbon wobadwira ku Madrid, kuli Jean d'Orléans, kulinso a banja la Napoléon, mpando wake woti kulibe kuyambira 1870. Koma mtima uja anauika ku Saint-Denis pa 8 Juni 2004, patatha zaka 209 mwanayo atamwalira, pafupi ndi manda a bambo ndi mayi ake.