Mwalowa nyumba ku UK, a magetsi ndi gasi ali zii? Onerani musanalandire bilu yoopsa

Moni abale onse, makamaka inu amene mwangolandira makiyi a nyumba ku Manchester, ku Leeds, ku Birmingham, ku Glasgow, kulikonse kumene mwafikira. Mwaimbira kampani ya magetsi ndi gasi, mwamvera kanyimbo kawo kodikirira mpaka khutu kutentha, akuuzani kuti akaunti atsegula posachedwa. Sabata zitatu zadutsa, zii. Kapena makalata akubwera ndithu, koma m'dzina la munthu amene simunamuonepo. Vidiyo iyi ndi yanu. Pali bodza lina likuyenda m'magulu athu a WhatsApp limene lalowetsa anthu m'ngongole, ndilifikira pakatipa, ndiye musathawe. Dinani subscribe, tiyambe.

Zomwe ndinene pano ndi za England, Scotland ndi Wales. Abale a ku Belfast, kwanuko malamulo ndi ena.

Choyamba. Jambulani mamita tsiku lomwe mwalandira makiyi, katundu asanatsike m'galimoto. Chithunzi chionetse zinthu ziwiri: manambala amene mita ikuwerenga, ndi nambala ya mitayo yosindikizidwa kutsogolo kwake. Pa mita ya magetsi ya digito, manambala obwera pambuyo pa kadontho musawawerenge, ofiira pa mita yakale chimodzimodzi. Ngati mita ili ndi mizere iwiri, ya masana ndi ya usiku, imene amati Economy 7, jambulani yonse. Ya gasi nthawi zambiri imakhala panja m'kabokosi kofuna kakiyi ka makona atatu. Kakiyiko kamapezeka m'mashopu a hadiweya motchipa.

Chachiwiri. Dziwani kampani imene ikupereka magetsi pa nyumbayo. Kumudzi tinazolowera kuti magetsi ndi ESCOM basi, mumagula mayunitsi pa Mpamba kapena Airtel Money, nkhani yatha. Kuno makampani ogulitsa ndi ambiri: British Gas, Octopus, E.ON Next, EDF, OVO, ScottishPower ndi ena, ndipo gasi akhoza kukhala kwina, magetsi kwina. Funsani landilodi kapena ejenti. Akapanda kudziwa, za gasi lembani adiresi yanu pa webusaiti ya Find My Supplier, ikupatsani dzina la kampani ndi nambala yotchedwa MPRN. Za magetsi funsani eni mawaya a m'dera lanu, monga UK Power Networks ku London kapena Northern Powergrid ku Yorkshire. Nambala ya magetsi ndi MPAN, ya manambala 21, koma ofunika kwambiri ndi 13 a mzere wam'munsi.

Chachitatu. Auzeni kuti mwalowa, ndipo auzeni polemba. Foni imbani ngati mukufuna, koma tsatizani imelo kapena fomu ya pa webusaiti yawo: dzina lanu, tsiku limene lendi inayamba, manambala a pa mita, zithunzi. Kampani ya kunyumba imene mwachoka muiuze kutatsala maola osachepera 48 kuti musamuke, ndipo tsiku losamukalo muipatse manambala omaliza ndi adiresi yatsopano.

Zitatuzo n'zosavuta. Tsopano khalani bwino.

Bodza lija likumveka chonchi: "Achimwene, musadzivute. Inu simunasaine kalikonse ndi kampaniyo. Akachedwa ndi vuto lawo. Ingokhalani phee, pakatha chaka ngongole imafufutika yokha, ndi lamulo." Ndipo wonenayo amanena molimba mtima, ena n'kumamuthokoza ndi timanja tija. Zimandipweteka, chifukwa amene amagwa m'mbuna imeneyi ndi munthu wongobwera kumene, amene ndalama yake yatha kale ndi dipoziti ndi viza.

Tiyambe ndi kusaina. Mukakwera minibasi simusaina pepala, koma kondakitala akatambasula dzanja simunganene kuti tinalibe pangano. Lamulo la kuno lili ndi chinthu chotchedwa deemed contract. Kuyambira tsiku limene nyumba yakhala m'manja mwanu, muli kale pa pangano ndi kampani imene mwaipeza pamenepo, kaya mwaiimbira kaya ayi, kaya ikudziwa dzina lanu kaya ikungolemba kuti The Occupier pa envulopu. Makalata a The Occupier amenewo ndi anu, atsegulani. Ndipo tsiku lowerengera ndi lomwe lendi inayamba, osati lomwe munagonamo koyamba. Munatenga makiyi pa 1, n'kulowa pa 20? Masiku a pakatiwo alipiridwa, chifukwa pali standing charge, ndalama ya tsiku ndi tsiku imene imawerengedwa ngakhale simunayatse babu ndi limodzi lomwe. Ya magetsi payokha, ya gasi payokha.

Nanga za chaka chija zinachokera kuti? Lamulo lilipodi, la Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2018. Limati kampani ikalephera kukulipiritsani moyenera, singakulipiritseni magetsi amene munagwiritsa ntchito kale kuposa miyezi 12 yapitayo. Mvetserani bwino pamenepa. Chimene chimadulidwa ndi chakale kuposa miyezi 12. Miyezi 12 yaposachedwayo mulipira yonse. Tiyerekeze kuti nyumba yanu imadya £150 pa mwezi, ndipo mwakhala miyezi 15 osalandira bilu. Zikakuyenderani bwino kwambiri akuchotserani miyezi 3, imene ndi £450. Yotsala ndi £1,800, yobwera m'kalata imodzi. Mwapambana chiyani pamenepo?

Ndipo ndati zikakuyenderani bwino. Lamulolo linapangidwa kuteteza munthu amene anachita mbali yake kampani n'kugona. Silimateteza amene anatsekereza dala, monga kukaniza owerenga mita kulowa kapena kuseweretsa mita. Mukakhala chaka chathunthu osawauza kuti mwalowa, makalata mukutaya m'bini, mwawapatsa poyambira kunena kuti wolakwa ndinu. Pamene muli ndi imelo ya tsiku loyamba ija, yokhala ndi zithunzi, mlandu umatembenuka: inu munanena, iwo anachedwa.

Palinso china chimene wa pa WhatsApp uja sakuuzani. Popanda manambala anu a tsiku lolowa, kampani imangoyerekeza. Ngati amene anatuluka anasiya akuwotha hita usana ndi usiku, ndipo sanapereke manambala omaliza, mbali ya magetsi ake ikhoza kugwera pa bilu yanu. Ngongole ya munthu wina si yanu, zimenezo n'zoona ndithu, simulipira. Koma muonetsa bwanji pamene iye analekera ndi pamene inu munayambira, chithunzi mulibe?

Ndiye kenako mbiri yanu ya ngongole. Makampani ambiri a magetsi amatumiza zakalipiridwe kanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, Experian, Equifax kapena TransUnion. Akakulembani kuti munalephera kulipira, chilembocho chimakhala zaka 6. Mawa mukufuna galimoto ya pangongole, mukufuna mogeji, mukufuna foni ya kontirakiti, chikukudikirirani. Komanso ngongole ikapitirira masiku 28 chilembedwere, kampani ikhoza kukukanizani kusamukira ku kampani ina yotchipa.

Chochita pamene akuchedwa n'chophweka: mwezi uliwonse jambulani mita, tumizani manambala, ndipo ikani ndalama pambali ngati kuti bilu yabwera. Tumizani vidiyoyi m'gulu lomwe munamva bodzalo. Dzina la munthu musatchule, ingoponyani linki.

Chachinayi, cha inu amene mwapeza mita yolipiriratu, ya kakiyi kapena khadi. Musagwiritse ntchito kakiyi kamene mwapeza pawindo. Ngati mwini wake anali ndi ngongole, mita imadula pang'onopang'ono pa ndalama iliyonse imene mwaika, ndiye muzidabwa kuti £20 yatha bwanji masiku awiri. Imbirani kampani, achotse ngongoleyo pa mita ndi kukupatsani kakiyi kanu. Kawirikawiri amakupatsani nambala yokatengera pa shopu ya PayPoint, Payzone kapena ku Post Office. Ngati munaika kale ndalama, sungani malisiti, muitanitse zimene zinadulidwa. Ndipo ngati magetsi azima chifukwa mitayo yawonongeka, imeneyo si nkhani yodikira sabata: lamulo limawapatsa maola 3 tsiku la ntchito, maola 4 pa wikendi kapena holide, kuti ayambe kukonza.

Chachisanu. N'chifukwa chiyani amachedwa chonchi? Nthawi zina ndi kuchuluka kwa ntchito chabe. Koma akaunti ikakanika mwezi wonse, kawirikawiri pali chimene chasokonekera m'kaundula wa mamita, ndipo wa pa foni uja sangachione pokhapokha mumulozere.

Cha kawirikawiri m'mafulati ndi kusinthana kwa mamita. Mamita onse ali m'chipinda chimodzi pansi, ndipo m'kaundula mita ya Flat 2 inalembedwa pa Flat 3. Yerekezani nambala ya mita imene ili pa bilu ndi imene ili pa chithunzi chanu. Kuti mutsimikize kuti mitayo ndi yanudi, zimitsani zonse m'nyumba, wina aime pa mita, inu muyatse ketulo. Kagetsi kofiira kakayamba kuphethira mofulumira, ndi yanu. Kakapanda kusintha, mukulipirira aneba.

Nyumba zongomangidwa kumene zili ndi vuto lake: mita inalembetsedwa pa nambala ya puloti, pamene inu mukupereka nambala ya nyumba ndi postcode yatsopano. Kompyuta ikuti nyumbayo kulibe. Pitani kwa omanga akupatseni MPAN ndi MPRN, muziwerengera wa pa foniyo manambala amenewo m'malo mwa adiresi.

Ndiye pali ili la gasi, limene ndimalikonda chifukwa anthu ochepa amalidziwa. Mamita a gasi alipo a mitundu iwiri. Atsopano amalembedwa m3 ndipo ali ndi manambala 5 kadontho kasanafike. Akale amalembedwa ft3, manambala ake ndi 4. Yuniti imodzi pa mita yakale ndi yofanana ndi mayuniti 2.83 pa yatsopano. Mita ikasinthidwa koma kaundula osasinthidwa, kampani imachulukitsabe ndi 2.83. Mayuniti 100 amene anayenera kukhala pafupifupi 1,120 kWh amasanduka oposa 3,100. Bilu ya gasi ikabwera pafupifupi katatu kuposa ya aneba a nyumba yofanana ndi yanu, yang'anani pamenepo musanayambe kukalipira ana kuti akusamba nthawi yaitali.

Komanso, kasikirini kakang'ono ka smart meter, mita yotumiza yokha manambala ku kampani, kamene mwapeza kukhitchini ndi ka nyumbayo. Mukamasamuka muzikasiya, kwina sikagwira ntchito. Ndipo mitengo imene kakuonetsa ikhoza kukhala ya amene anatuluka mpaka akaunti yanu itakhazikika.

Ngati mwaphunzirapo kanthu mpaka apa, dinani like, zimathandiza kuti YouTube ionetse abale ena. Lembaninso m'makomenti mzinda umene muli ndi sabata zimene mwadikira, ndione kumene zavuta kwambiri.

Chachisanu ndi chimodzi, kudandaula. Apa mawu amodzi ndi ofunika. Mukamangoimba n'kumafunsa kuti zili pati, palibe wotchi imene ikuyenda. Lembani imelo, pamutu pake muike mawu akuti complaint, mupemphe nambala ya dandaulo lanu. Kuyambira tsiku limenelo ali ndi sabata 8. Zikakwana osakonza, kapena akakupatsani kalata yoti sitingachitenso kanthu, imene amati deadlock letter, pitani kwa Energy Ombudsman, bungwe loima palokha loweruza madandaulo otere. N'zaulere. Chigamulo chake inu mukachivomera, kampani iyenera kuchitsata, ndipo angalamule kuti akonze akaunti, apepese, ngakhale kukulipirani. Sungani tsiku la foni iliyonse, dzina la amene munayankhula naye ndi zomwe analonjeza. Macheza a pa webusaiti yawo muziwajambula asanatseke.

Pali ndalama zina zimene ayenera kukupatsani popanda kupempha, £40 pa cholakwa chilichonse kuyambira mu January 2025, kale inali £30. Akapangana nanu kuti abwera kudzaona mita osabwera, £40. Mukasintha kampani kusinthako osatheka m'masiku 5 a ntchito, £40. Kampani ya kunyumba yakale ikapanda kutumiza bilu yomaliza pa sabata 6, £40, ndipo ikachedwa kubweza ndalama yanu yotsala kupitirira masiku 10 a ntchito chitumizireni biluyo, inanso £40. Amati zimabwera zokha. Inu kumbutsani.

Inde, mukhoza kusintha kampani ngakhale nyumba ndi ya lendi, bola bilu ikhale m'dzina lanu, ndipo pa deemed contract palibe chindapusa chotulukira. Koma ine ndingati yambani mwakonza kaundula. Mukasamuka ndi mita yolakwika, vutolo mwangolinyamula kupita nalo kwina, ndipo makampani awiri aziponyerana.

Chomaliza, mwachangu. Ngati m'nyumba muli mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera, agogo, wolumala, kapena wodalira makina a chipatala, lembetsani pa Priority Services Register, mndandanda wa anthu ofunika thandizo lapadera, n'zaulere. Akakuopsezani kuti adula, imbirani bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice, a ku Scotland Advice Direct Scotland. Magetsi akazima dera lonse musataye nthawi ndi kampani ya bilu, imbani 105. Mukamva fungo la gasi, tsegulani mawindo, musakhudze switchi iliyonse, tulukani panja muimbe 0800 111 999.

Sabata ya mawa tikambirana za council tax, msonkho wa khonsolo, makamaka inu ophunzira amene mukulipira pamene simuyenera. Dinani kabelu kuti isakupiteni. Tionana.