Pepala la pakhoma lija silinali langa

Moni abale anga kumudzi, ndi nonse muli kuno ku Joni. Ndikulankhula kuchokera ku Johannesburg, ndipo kwazizira moti mukamva mano akuombana musadabwe.

Lero ndikusimbireni za kontena yomwe ndinachita lendi kuti ndiziphikiramo nsima ndi chipisi. Amene ankagulitsiramo kale anasiya mbaula, firiji, ndi pepala lina lomata pakhoma. Landilodi akuti, "Ingolipira dipoziti ndi lendi, mapepala alipo kale." Ine osafunsanso, ndalama tswee m'manja mwawo.

Sabata yachitatu kunatulukira mayi wina woyendera zaumoyo. Anawerenga pepala lija, kenako n'kundiyang'ana. "Bambo, dzina ili ndi lanu?" Ndinangoti kakasi.

Pepalalo amalitcha Certificate of Acceptability, ndipo aliyense wogulitsa chakudya ayenera kukhala nalo. Limalembedwa dzina la munthu mmodzi ndi malo amodzi. Mnzako akachoka, sungalilowe ngati chokolo, umakapempha lako. Asanakupatse amadzaona ngati pali madzi, posamba m'manja, chimbudzi, komanso ngati makoswe sakuchita ufumu. Layisensi yogulitsira chakudya ya kukhonsolo ndi inanso payokha.

Kale ambiri ankangozemba, koma zinthu zinakhwima mu 2024 ana 6 atamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndi poizoni wophera tizilombo. Pa 15 November chaka chomwecho Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti ma spaza onse, timashopu ta m'makomboni togulitsa zakudya, alembetse m'masiku 21, ndipo kenako anatalikitsa mpaka pa 28 February 2025.

Chomwe chinandidya mutu kwenikweni ndi zoning, lamulo la kukhonsolo lonena ntchito ya malo aliwonse. Kontenayo inali pabwalo la nyumba, malo olembedwa kuti ndi okhalamo anthu, ndiye pankafunika chilolezo choti pakhale bizinesi, mwini malo atasainira. Landilodi wanga akangomva za fomu, foni yake inkathima yokha.

Ndiye pali nkhani ya pasipoti. Chidindo cha masiku 30 chomwe timalandira pa Beitbridge n'chamlendo, sichilola geni. Viza ya bizinesi imafuna mpamba wa R5 miliyoni. Ndani wa ife wophika nsima ali nazo? Ine chinandipulumutsa n'chakuti mayi akunyumba ndi akonkuno, ndipo pemiti yanga imandilola kuchita bizinesi.

Kontena ija inakhala yotseka miyezi iwiri, lendi ndikulipirabe. Landilodi sanachotsepo ngakhale randi imodzi.